Ndege ya ku Lusaka ndi Chinkhoswe cha Esnati

M'ma 1980: kuyamba ntchito pa boda

Ana anga, za ubwana wanga sindichulukitsa mawu. Ndinakulira ku Mkanda, ndinaphunzira pa sukulu ya m'mudzi imene mukuidziwa ija, ndipo ndinalekezera Fomu 2. Tinabadwa awiri okha, ine ndi achemwali anga, amene ambiri a inu simunawaone. Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa boda ya Mchinji, ku kampani ina yaing'ono yokiliya katundu. Ntchito ya kampani yotere ndi kukonza mapepala a katundu wolowa ndi wotuluka m'dziko kuti a kasitomu amulole kudutsa. Anandilemba ngati mesenjala. Ndinkasesa mu ofesi, kuwiritsa tiyi, ndi kuthamanga ndi mapepala pakati pa ofesi yathu, zenera la a kasitomu ndi mathiraki amene ankandandalika mumsewu wochokera ku Mwami, boda ya mbali ya Zambia.

Ndinali mnyamata wamanyazi kwambiri. Munthu akandifunsa dzina ndinkayankha maso ali pa nsapato zake. Bwana wanga anali a Mwale, bambo wamfupi wa ku Kasungu, woseka mokweza moti madalaivala ankadziwa ali panja kuti bwana alimo. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Kwanu n'kuti, mnyamata?" Ndinati ku Mkanda. Iwo anati, "Basi dzina lako ndi Mkanda. Fanuwelo n'lalitali, ine ndilibe nthawi." Dzinali linandikanirira mpaka tsiku lopuma ntchito, ndipo madalaivala ena a ku Zambia mpaka lero amaganiza kuti ndi dzina langa la ubatizo.

A Mwale ndi amene anandiphunzitsa kutayipa. Ankandisiyira makina nthawi ya chakudya cha masana, ine n'kumagogoda ndi zala ziwiri. Masiku amenewo zinthu zinkasowa. Pepala la kaboni tinkaligwiritsa ntchito mpaka kuonekera kuseri ngati chitenje chakutha. Mafomu akatha tinkadikira kuti achokere ku Blantyre, madalaivala akuphika pansi pa mathiraki awo n'kumatitukwana m'zilankhulo zitatu. Ine zonsezi sizinkandiwawa. Ndinkangofuna kuti madzulo a Mwale anene kuti, "Wagwira ntchito, Mkanda." Akandituma Loweruka ndinkapita, akandituma Lamulungu nditatuluka m'tchalitchi ndinkapitanso. Patapita zaka zingapo anandikweza kukhala kalaliki.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990: Dedza, n'kubwereranso

Kampani itatsegula ofesi ina pa boda ya Dedza inanditumiza kumeneko. Ndinali nditangokwatira amayi anu. Kuzizira kwa ku Dedza sitinakuzolowere, ndipo iwe Chisomo unabadwira m'kanyumba kamene chifunga chinkalowa pansi pa chitseko. Bwana wa kumeneko anali mayi wolankhula pang'ono, wosaseka, koma wolungama. Anandiphunzitsa kuwerenga pepala lonse ndisanalisainire, ngakhale dalaivala akulira kuti tomato wake akuola. Dizilo atasowa nthawi ina tinakhala milungu osaona thiraki, ndipo mayiyo anatiuza kuti tizibwerabe ku ofesi, tizikonza mafayilo akale. Ena ankadandaula, ine ndinkabwera m'mamawa.

Ndili ku Dedza komweko achemwali anga anadwala n'kumwalira. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, Esnati. Bambo ake anali atapita kalekale kukafuna ntchito kunja ndipo sanamvekenso. Mwa mwambo wathu mwini mbumba ndinali ine, atsibweni ake. Ndinapempha kuti andibweze ku Mchinji kuti ndikhale pafupi ndi kumudzi, ndipo a Mwale anandilandira ndi manja awiri. Esnati anakulira m'nyumba mwathu pa boda. Akuluakulu a inu mukukumbukira kuti ndiye ankakusambitsani ndi kukuperekezani ku sukulu. Atakula anabwerera ku Mkanda kukalima munda wa amayi ake.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990: tsiku likhazikitsidwa

Esnati anapeza mnyamata wa ku Kapondo dzina lake Gibisoni, mlimi wa fodya ndi mtedza, wofatsa ngati ine ndemwe. Vuto linali kwa akuluakulu a kwawo. Nkhoswe yawo inali atsibweni ake a mnyamatayo, a Chimbalanga, bambo wamtali wa lilime lakuthwa. Iwo sankakondwa kuti mphwawo akutenga mwana wamasiye amene bambo ake sadziwika kumene ali. Tsiku loyamba limene tinapangana kuti tichite chinkhoswe, mathiraki a feteleza anafika ambiri nthawi imodzi pa boda, ndipo sindinathe kuchoka. Ndinatumiza uthenga mochedwa. Anthu a ku Kapondo anafika ku Mkanda n'kubwerera ndi tambala wawo. Tinapepesa, ndipo anavomera tsiku lina, Loweruka lina la mwezi wa Ogasiti.

Kutatsala milungu iwiri, a Mwale anandiitana mu ofesi mwawo n'kutseka chitseko. Anati kampani ikufuna kutsegula ofesi pa bwalo la ndege ku Lumbadzi, yokiliya katundu wobwera pa ndege, ndipo iwo apereka dzina langa kuti ndikakhale mkulu wa ofesiyo. Koma choyamba ndinayenera kupita nawo ku Lusaka, kumene anzathu a kampani ya kumeneko anakonza kosi ya sabata imodzi yophunzitsa kukiliya katundu pa kompyuta. Mayeso anali Lachisanu. "Popita tikwera pikapu imene tikukaisiya komweko," anatero a Mwale. "Pobwera, Mkanda, ukwera ndege. Iwe wa pa njinga iwe! Loweruka tinyamuka ku Lusaka, ola limodzi ndi mphindi zochepa tatera ku Lumbadzi. Makilomita pafupifupi 600, koma tiyi sazizira n'komwe."

Ndinathokoza kwambiri. Ku Lumbadzi kunali nyumba ya magetsi ndi sukulu zabwino za inu. Koma Loweruka limenelo linali la Esnati. Sindinawauze a Mwale chifukwa ndinkaopa kuoneka wosayamika. M'malo mwake ndinakwera njinga kupita ku Kapondo kukaonana ndi a Chimbalanga. Anandilandirira m'chigafa chopanda kanthu, popeza fodya anali atapita kale ku okushoni.

"A Banda," anayamba iwo ndisanakhale n'komwe bwino, "ulendo uja munatisiya titanyamula tambala ngati ogulitsa pa msika. Lero mwabwera ndi nyimbo yanji?"

Ndinafotokoza za kosi, n'kunena kuti tibwerera Loweruka lomwelo pa ndege.

"Pa ndege! Tamvani anthuni, apongozi athu ayamba kuuluka. Nanga ndegeyo imatenga masiku angati?"

"Abwana akuti ola limodzi ndi mphindi zochepa."

A Chimbalanga anawomba m'manja n'kuseka. "Ola limodzi? Ine kuchoka pano kukafika kwanu ku Mkanda pa njinga ndimatha nthawi yoposa pamenepo. Ndiye kuti Lusaka ili pafupi kuposa Mkanda! Tsiku lisasinthe. Chimera chaviikidwa kale, abale aitanidwa." Kenaka anasiya kuseka. "Koma mumve bwino, a Banda. Tikadzapezanso mpando wanu uli wopanda munthu, tambalayo tidzadyera kwathu, mnyamata wathu tidzamufunira kwina. Mkazi wopanda mwini, ukwati ukatentha timakalira kwa yani?"

Ndinawatsimikizira kuti ndidzakhalapo, ndipo ndinkakhulupiriradi zimenezo. Kwathu ulendo wautali uliwonse umayamba m'bandakucha. Basi ya ku Lilongwe inkanyamuka kusanache, ngolo yopita ku msika chimodzimodzi, ngakhale mathiraki a pa boda ankaliza injini tambala akulira. Sindinaganizepo kuti chinthu chopita dziko lina chingadikire mpaka dzuwa kufika pamutu. M'mutu mwanga ndinawerenga chonchi: ndege inyamuka kukucha, ana akamapita kukatunga madzi ndatera ku Lumbadzi, masana ndafika pa boma, ndipo chinkhoswe chikamayamba ndili pa mpando. Amayi anu anandifunsa kuti, "Mwafunsa nthawi imene imanyamuka?" Ndinawayankha kuti munthu safunsa bwana wake mafunso ambiri pa mphatso.

Pobwerera ndinadzera ku Mkanda. Esnati anandiperekeza mpaka pa msewu akundikankhira njinga. "Atsibweni, mubweradi?" anandifunsa. Ndinati ndibwera. Kenaka anati, "Amayi akanakhala moyo sindikanakuvutitsani chonchi." Ndinamuuza kuti asalankhulenso mawu amenewo.

Sabata ya ku Lusaka

Tinayenda tsiku lonse pa pikapu, a Mwale akuyendetsa n'kumaimba nyimbo za kwaya molakwitsa mawu. Lusaka inandiopsa. Misewu yake inali yotakata, anthu ankayenda mothamanga, ndipo chinyanja chawo chinkandidutsa m'makutu. Koma kosi ndinaikonda. Poyamba kompyuta inkandivuta, koma pofika Lachitatu mphunzitsi ankanditchula ngati chitsanzo, ndipo a Mwale ankandigunda paphewa n'kumati, "Mwaona mwana wanga wa ku Mkanda?"

Lachinayi m'mawa mayi wina wa mu ofesi ya kumeneko, ba Mulenga, anabwera kudzatigawira matikiti. Aka kanali koyamba kugwira tikiti ya ndege. Ndinaiwerenga yonse monga anandiphunzitsira mayi wa ku Dedza uja, ndipo ndinaona kuti ndege ikunyamuka masana, cha m'ma 2 koloko. Ndinawerenganso. Nthawi ya tiyi ndinalimba mtima n'kupita pa desiki ya ba Mulenga kukafunsa ngati palibe ina ya m'mawa.

"Ya Saturday ni yamene iyo, ba Banda," anatero. "Inangu ni pa Tuesday. Nanga muthamangira chani?"

Ndinawauza za chinkhoswe. Anaimirira n'kunditengera pa mapu aakulu amene anali pakhoma. Anaika rula kuchokera pa Lusaka kukafika pa Lilongwe. "Onani. Ndeke izapita apa, pafupi na Mchinji yanu, koma siimilira. Si minibasi yakuti muzakamba ati nisiyeni pa stage. Izakupitilizani mpaka uku." Chala chawo chinadutsa kwathu n'kukaima kutali kum'mawa. Kenaka anandiwerengera zimene a Mwale sanazitchule, popeza kwa iwo zinali zodziwikiratu. Ndikatera ndidikire chikwama, ndidinditse pasipoti, ndipeze galimoto yochoka ku Lumbadzi kupita m'tauni, ndikwere basi ya ku Mchinji, ndipo ndikafika pa boma kudzakhala kutada, ku Mkanda kudakali kutsogolo. "Mu mwamba ni one hour, zoona," anatero ba Mulenga. "Manje imwe simunkhala mu mwamba. Ku munzi muzafika pa Sondo."

Ndinabwerera m'kalasi koma sindinamve chilichonse chimene mphunzitsi ananena. Njira inali imodzi yokha yofikira ku Mkanda Loweruka masana: kunyamuka Lachisanu m'bandakucha pa msewu, kubwerera mmene tinadzera. Kutero kunali kusiya mayeso, kusiya tikiti imene kampani inagula, kusiya Lumbadzi. Masiku amenewo kumudzi kunalibe mafoni a m'manja. Ndikanatha kuimba foni ku ofesi ya pa boda kuti wina akapereke uthenga, koma uthengawo ukanakhala wachiwiri wa mtundu womwewo, ndipo a Chimbalanga anali atanena kale yankho lake.

Nthawi ya chakudya cha masana ndinakhala moyang'anana ndi a Mwale. Pa zaka zonse zimene ndinagwira nawo ntchito ndinali ndisanawakanirepo kanthu. Ndinayamba ndi kuthokoza, ndinathokozanso kachiwiri, mpaka iwo anati, "Mkanda, ukufuna kubwereka chiyani? Nena." Ndinafotokoza zonse kuyambira pa imfa ya achemwali.

"Ndiye bwanji sunandiuze tili ku Mchinji?"

"Ndinkayesa ndege imanyamuka m'mamawa, bwana."

Anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yanga analeka. "Tuma mng'ono wako akakhale pa mpandopo."

"Ndilibe mng'ono, bwana. Tinabadwa awiri."

"Mkulu wa mpingo, mfumu, aliyense! Chinkhoswe ndi nkhuku ziwiri basi, Mkanda. Mayeso ndi mawa. Dzina lako ndinalimenyera nkhondo ku likulu, anthu akunena kuti wa Fomu 2 sangayendetse ofesi ya pa bwalo la ndege. Ukufuna akandiseke? Mwayi uwu subweranso. Ganizira ana ako."

Za inu ndinali nditaganizira kale, ndipo ndi pamene panandiwawa kwambiri. Koma inu munali ndi bambo ndi mayi. Esnati anali ndi ine ndekha, ndipo anthu a ku Kapondo ankafuna kuona ndi maso ngati alidi ndi mwini. Ndinayang'ana a Mwale kumaso, mwina koyamba chiyambire ntchito, n'kunena kuti, "Bwana, mundikhululukire. Mawa m'mamawa ndinyamuka." Ndinatulutsa tikiti ija n'kuiika pafupi ndi mbale yawo. Anasamba m'manja chakudya chisanathe, anaimirira nati, "Chita zimene waganiza. Koma za Lumbadzi usadzandifunsenso."

Lachisanu ndi Loweruka

Pa yadi ya kampani ya ku Lusaka ija panali thiraki ya simenti yopita ku Malawi. Dalaivala wake anali ba Tembo, bambo wa ku Chipata amene ndinamukonzera mapepala kambirimbiri pa boda. Atamva nkhani yanga anaseka mpaka kutsamira tayala. "Ba Mkanda, anthu alipila ndalama kuti akwele ndeke, imwe muithawa kuti mukwele simenti? Kwelani, mudala. Koma iyi ndeke yanga pa chulu iyenda monga nkhalamba."

Sananame. Tinanyamuka kusanache, ndipo pa mapiri a ku Luangwa thirakiyo inkakwera pang'onopang'ono moti munthu woyenda pansi akanatha kutipatsa moni n'kutipitirira. Kunkatentha, m'kabini munkanunkha dizilo ndi nsomba zouma zimene ba Tembo anagula pa mlatho. Nthawi imene anzanga ankalemba mayeso ine ndinali kuthira madzi mu injini m'mbali mwa msewu, nditavala buluku la suti. Ba Tembo ankandifunsa za Esnati, za mnyamatayo, za mwambo wathu, n'kumafanizira ndi wa kwawo, umene sunasiyane kwenikweni. Pena ankandiseka, pena ankangoti, "Muzafika, osadandaula." Dzuwa linalowa tisanafike ku Chipata, ndipo tinagona pa Katete chifukwa magetsi a thirakiyo sanali odalirika.

Loweruka tinadzuka m'bandakucha. Pofika pa Mwami mzere wa mathiraki unali wautali, choncho ndinatsika, ndinathokoza ba Tembo, n'kuwoloka wapansi ndi chikwama changa paphewa. Anzanga a mu ofesi atandiona anatuluka onse. "Mkanda, ndege yakugwetsa panjira?" Sindinaime kuti ndifotokoze. Kunyumba kunalibe munthu, popeza amayi anu anali atatsogola nanu ku Mkanda kukathandiza zophika. Ndinatenga njinga, ndinapopa matayala, n'kuyamba kupalasa. Amene munayendapo msewu wa ku Mkanda mu Ogasiti mukudziwa mphepo yake ndi fumbi lake. Jekete ndinaimanga pa kaliyala. Njala inandigwira, koma ndinkangoyang'ana dzuwa mmene linkapendekera.

Nditayandikira mudzi ndinadabwa kuti sikukumveka nyimbo. Ana anali ataima pa chulu, manja pamphumi, akuyang'ana kumwamba, ndipo ndinawadutsa osandizindikira. Pabwalo la nyumba ya malemu achemwali anthu anali ambiri koma ali duu. A ku Kapondo anali ataimirira kale. Mnyamata wina ankamangirira tambala pa kaliyala ya njinga, ndipo amayi anu anali atagwada patsogolo pa a Chimbalanga akuwapempha kuti adikire pang'ono. Gibisoni anali atakhala poteropo, mutu uli pansi. Mpando wanga unali pakati pa bwalo, wopanda munthu.

Ndinaliza belu la njinga. Onse anatembenuka. Ndinali wofiira ndi fumbi kuyambira tsitsi mpaka nsapato. A Chimbalanga anandiyang'ana, anayang'ana njinga, nati, "A Banda, ndege ya ku Lusaka ili ndi matayala awiri ndi belu?" Anthu anaseka, ndipo kuseka kumeneko kunamasula bwalo lonse. Amayi anu anandibweretsera madzi. Nditamwa ndinafotokoza mwachidule kuti ndegeyo imanyamuka masana, imadutsa kwathu osaima, ndipo ndikanaidikira ndikanafika mawa lake. Ndinati ndinanyamuka dzulo pa thiraki ya simenti.

"Nanga maphunziro aja?" anafunsa a Chimbalanga.

"Ndawasiya."

"Abwana anu avomera?"

"Sanavomere."

A Chimbalanga anatembenukira kwa mnyamata womanga tambala uja nati, "Iwe, masula tambalayo. Ukufuna afe ndi dzuwa?"

Ndinakhala pa mpando wanga osasintha zovala. Azimayi anayamba nthungululu, atsikana anatuluka m'nyumba atafundidwa zitenje, ndipo Gibisoni anamuloza Esnati osaphonya. Itafika nthawi yoti nkhoswe ya kuchikazi ilankhule, ndinaimirira. Ine amene ndinkalephera kutchula dzina langa pamaso pa mlendo ndinalankhula pamaso pa midzi iwiri. Ndinati, "Ine ndine Fanuwelo Banda, mlongo wawo wa malemu mayi a mwanayu. Mwini wake ndine. Akakulakwirani mubwere kwa ine. Mukamulakwira ndidzabwera kwa inu, ngakhale uthenga utandipeza kutali bwanji." A Chimbalanga anayankha kuti, "Zimenezo taziona kale, khalani pansi musanagwe." Tinasinthana nkhuku, iwo anandipatsa tambala, ine ndinawapatsa thadzi. Esnati anabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wanga. Anangotenga nsonga ya chitenje chake n'kuyamba kupukuta fumbi pa nsapato zanga, mpaka amayi anu anamudzutsa kuti akavine.

Lolemba, ndi zaka zotsatira

Lolemba ndinafika ku ofesi m'mamawa monga mwa masiku onse, ndili wokonzeka kumva kuti ntchito yatha. A Mwale anafika, anadutsa pa desiki yanga osandipatsa moni. Anachita zimenezi sabata yonse. Mapepala ankandipatsira kudzera mwa mesenjala. Sabata yotsatira, tsiku lina masana, anaima pakhomo la ofesi yawo n'kufuula kuti, "Mkanda! Tambala uja munadya nokha?" Ndinati ntchafu inatsala koma inalephera kudikira. Iwo anati, "Ndege yako ija inagwedezeka pamwamba pa Chipata mpaka ndinalapa machimo a chaka chonse. Ndinafika kuno Lamulungu madzulo. Bweretsa fayilo ya simenti." Nkhani inathera pomwepo, ndipo sitinaikambenso.

Ofesi ya ku Lumbadzi anaipereka kwa mnyamata wina wa ku Blantyre amene anakhoza mayeso aja, ndipo anaiyendetsa bwino. Sindikubisirani kuti zinandiwawa, makamaka magetsi akazima pa boda inu mukuwerenga ndi koloboyi. Kosi ya kompyuta ndinadzaichita patapita zaka, ku Lilongwe, ndipo ndinakhoza. A Mwale atakwanitsa zaka zopuma analembera ku likulu kuti ofesi ya Mchinji aisiye m'manja mwanga. Ndinaiyendetsa mpaka nanenso ndinapuma. Ndege sindinakwerepo mpaka lero, ngakhale iwe Chisomo umandinyengerera chaka ndi chaka. Mwina tsiku lina ndidzavomera, koma tikiti ndidzayamba ndaiwerenga ndekha.

Esnati ndi Gibisoni ali limodzi mpaka pano ku Kapondo, ndi ana awo asanu ndi nyumba ya malata. Pa zaka zonsezi anandiitana kawiri kokha kukaweruza nkhani, ndipo ulendo wachiwiri ine ndi a Chimbalanga tinapeza atagwirizana kale, tinangodya nkhuku n'kubwerera. A Chimbalanga anamwalira tili mabwenzi, ndipo pa maliro awo banja linandipempha kuti ndilankhule.

Mwezi watha Esnati anabwera kuno ndi thumba la mtedza. Anati mwana wake woyamba wapeza mnyamata wa ku Kamwendo, ndipo popeza iye alibe mlongo, akufuna ine ndikakhale nkhoswe. Anandifunsa tsiku limene lingandikomere. Ndamuuza kuti asankhe okha tsiku lililonse, ine ndikagona komweko dzulo lake.